Chibokosi Chimene Ankati Ndaba

Abusa ndi Amayi Busa, akulu ampingo, makolo anga, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Aleluya! Ayi, imeneyo ndi ameni ya anthu osadya. Ndati aleluya! Eya, tsopano mwadzuka.

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndiyambe ndapepesa kwa Abusa, chifukwa umboni wangawu uli ndi mkwiyo m'kati mwake. Ndayesa kuusiya panja pa khomo paja, wandilondola mpaka pano. Kwa masabata atatu ine ndinali wakuba pano pa Golomoti. Ena a inu mukudziwa chifukwa munamva. Ena mukudziwa bwino kwambiri chifukwa ndinu amene munkauza anzanu. Musayang'ane pansi, sinditchula munthu.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndimagwira ntchito ya makompyuta pa bungwe lina lothandiza alimi, dzina lake ndilisiya. Mayina a alimi onse olandira mbewu, kuchokera ku Mtakataka, kudutsa Mua mpaka kuno, amasungidwa m'makina amene ndimayang'anira ine. Ndiye mundilole ndikuphunzitseni pang'ono, chifukwa mukapanda kumvetsa apa simuona chimene Mulungu anachita.

Ku ofesi kwathu kuli makina awiri aakulu, timawatcha maseva. M'kati mwa seva iliyonse mumakhala makompyuta ena angapo osagwirika ndi manja: ina yosunga mayina a alimi, ina ya makalata, ina ya malipoti. Ndiye pali imodzi yoyang'anira zonsezo, ine ndimangoitcha kapitawo. Kapitawoyu ndi amene amadzutsa anzake, kuwagawira ntchito, kuona amene wadwala. Tili limodzi? Makina amenewa amaitanana ndi mayina, koma dzina lokha silifika, pamafunika nambala. Zili ngati foni yanuyo. Mumadina pamene munalemba kuti Abusa, foni n'kupeza nambala yawo m'kaundula wake. Kaundulayo atafufutika, mukhoza kukuwa Abusa, Abusa mpaka mawa, foni yawo siilira.

Kwathuko kaundula wa mayina a makina ankakhala m'kompyuta ina yakalekale, chibokosi chotuwa, chopanda sikirini, chong'aluka pakona. Chinkakhala pansi pa shelefu polandirira alendo. Ndinachipeza pomwepo nditayamba ntchito. Kawiri konse ndinalembera abwana kuti chinthu chofunika chotere sichiyenera kukhala pomwe aliyense amapondapo, tisamutse kaundulayo. Kawiri konse yankho linali lakuti tidzaona.

Nyengo yotentha ija, mvula isanagwe, azakhali anga anatisiya ku Mtakataka. Ndinapita kumaliro Lachinayi, kubwerera kuntchito Lolemba. Abale, ofesi sindinaizindikire. Miyala ya m'mbali mwa njira yapakidwa laimu, mitengo yapakidwa laimu mpaka m'chiuno, pansi pakuwala polishi. Kunkabwera alendo akunja, amene amathandiza bungweli, Lachinayi la sabata yomweyo. Mukudziwa mmene timachitira ife kukamabwera alendo. Ngakhale kunyumba, mpando wothyoka umapita kuseri, mbale zobooka pansi pa bedi, mwana wa mamina kwa aneba. Tonse timatero, musaseke ngati simutero.

Abwana anali atamva kumsonkhano kwinakwake kuti kwatuluka kapitawo watsopano, wa zithunzi zokongola, ndipo ankafuna alendowo akamuone pa sikirini yaikulu. Anandiuza kuti ndipange apugiredi tsiku lomwelo, ndiye kuti kugoneka kapitawo wakale n'kudzutsa watsopano m'malo mwake. Ine sindinakane, ndi ntchito yanga. Koma ntchito imeneyi isanayambe, makina amayamba adzifufuza okha. Anadzifufuza, n'kunditulutsira chenjezo lachikasu. Chenjezolo linkati dzina la kapitawo silikupezeka: ndafunsa dzina, palibe wandipatsa nambala, ndafunsa nambala, palibe wandipatsa dzina. Ndiye pansi pake panali kabatani koti ngati ukufuna ukhoza kupitiriza. Kabatani kameneko, abale, kakang'onong'ono, koma ndi kamene kanandikhazika kunyumba masabata atatu.

Ndinathamangira polandirira alendo. Pansi pa shelefu panali pa mbee, popukutidwa bwinobwino, nthambo yokha ili lende pakhoma. Chibokosi palibe. Ndinafunsa amlonda, ati sakudziwa. Adalaivala, sakudziwa. Asekilitale, anali ku tauni kukagula makatani. Amayi amene amasesa mu ofesi, a Nachisale, anali atatumidwa kumidzi kukasaka nkhuku za alendo. Makina enawo anali akuyendabe chifukwa ankakumbukira manambala a anzawo, koma ine ndinadziwa kuti magetsi akangothima, adzadzuka ataiwala.

Ndinalowa kwa abwana mwaulemu wonse. Ndinawafotokozera monga ndakufotokozerani inumu, n'kupempha masiku atatu okha kuti ndifufuze chibokosicho kapena ndilembe kaundula wina. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Chenjezolo ndi lofiira kapena lachikasu?"

Ndinati lachikasu.

"Ndiye dinani. Pa maloboti chikasu timadutsa."

Mwamva? Zaka zinayi ndinakhala pa sukulu, bambo anga akulima thonje padzuwa la kuno, kuti ndidzaphunzitsidwe ntchito yanga ndi maloboti a ku Lilongwe! Ndinati, "Bwana, sindidina. Kapitawo watsopano akadzuka osapeza dzina lake, wakale atagona kale, titsala manja lende. Mbewu zatsala pang'ono kugawidwa, ndipo mayina onse ali m'menemo."

Apa nkhope inasintha. Anayamba kufunsa kuti chibokosi chimenechi, kupatula ine, ankachidziwa ndani. Anati iwo sanaonepo kompyuta pamalo amenewo. Anati n'zodabwitsa kuti chinthu chasowa sabata yomwe ine ndinachoka, ndipo wodziwa kuti chasowa ndine ndekha. Ndinati bwana, ndinali kumaliro. Anati maliro amafuna zambiri. Abale, maliro a azakhali anga, dothi lisanaume, munthu n'kunena kuti ndinaba kompyuta kuti ndiwaike. Ndinangotuluka.

M'mawa mwake kalata inali itatuluka: ndaimitsidwa ntchito chifukwa chosamvera, komanso pofufuza za katundu wosowa. Akanandipatsa m'manja, ndikanalira ndekha kunyumba. Ayi. Anaikhoma pa bolodi lapanja, pomwe alimi amawerengapo tsiku la mbewu, dzina langa lonse lili pamenepo m'zilembo zikuluzikulu.

Lachitatu anaitanitsa katswiri wochokera ku Lilongwe, wa nsapato zosongoka. Zimenezi ndinauzidwa ndi amlonda. Chenjezo lomwe lija linatuluka, iye anangoti izi n'zazing'ono, n'kudina kabatani kaja. Ntchito inayenda mpaka pakati, n'kuima. Kapitawo wakale wagona, watsopano sakudzuka. Lachinayi m'mawa magetsi anathima monga amachitira. Analiza jenereta, makina anadzuka, n'kuyamba kuitanana mayina popanda woyankha. Mayina a alimi osatseguka, malipoti osatseguka, sikirini yaikulu ija ili bii. Alendo anafika, anaonera magule, anadya nkhuku, anakhala mu ofesi ya abwana kumwa tiyi, n'kumapita. Ndiye katswiri uja, pofuna kupulumutsa nkhope yake, anati mtsikana uja anatchera makinawa asanachoke. Mtsikana! Ine mayi wa ana awiri. Tsopano sindinalinso wakuba chabe, ndinali wakuba wowononga.

Masabata atatu amenewo sindidzawaiwala. Ndikapita kumsika kukagula matemba, anthu ankasiya kulankhula. Kondakitala wina wa minibasi, mwana woti ndinamuona akuyenda wopanda kabudula, anandifunsa pagulu ngati ndili ndi laputopu yotchipa. Alimi ankabwera pa njinga kuchokera kutali, n'kubwezedwa kuti mayina sakutseguka, mitambo itayamba kale kusonkhana, ndipo ankauzidwa kuti wachititsa ndi uja wa pa bolodiyo. Azimayi oti ndinkawathandiza kupeza mayina awo akalembedwa molakwika ankanditukwana m'njira.

Ndiye ndinati ndithawire ku nyumba ya Mulungu. Lamulungu loyamba ndinakhala pa benchi yachitatu iyo. Mlongo wina amene anali pafupi nane ananyamula chikwama chake pang'onopang'ono, n'kuchiika mbali inayo. Mlongo, ndinaona. Munkaimba maso muli kumwamba, koma dzanja lili pa zipi. Ndinaona.

Koma chimene chinandithyola si chimenecho. Bambo anga mumawadziwa, akhala kutsogolo kuno kuyambira tchalitchi chino chili cha udzu. Anasiya kubwera. Ankati miyendo ikuwawa, koma kumunda ankapita. Tsiku lina masana anabwera kunyumba kwanga, anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, anakana mpando, anakhala pa njerwa. Kenako anati:

"Mwananga, ngati unatenga, uza ine. Ndigulitsa mbuzi, tikabweze mwakachetechete."

Bambo anga ondibereka. Sanandikalipire, sananditukwane, ankafuna kundithandiza. Koma ndikanakonda akanandimenya. Abwana kundiyesa wakuba ndinapirira, msika wonse ndinapirira, koma bodza lija linali litafika mpaka mumtima mwa bambo anga.

Tsiku limenelo ndinapemphera, ndipo Abusa mundikhululukire, silinali pemphero lokoma. Sindinayambe ndi kuyamika. Ndinati, Ambuye, tsiku lopaka laimu lija ine kunalibe, koma Inu munalipo. Munaona dzanja limene linazula nthambo ija. Mukudziwa pamene chili chibokosi chija. Ndiye mwakhaliranji chete? Nenani! Ndinapemphera chomwecho tsiku ndi tsiku, mawu omwewo, ngati mwana wovuta. Poyankha pake ndinalandira uthenga woti Lolemba ndikaonekere pamaso pa akomiti a bungwe, ndipo ndikakapanda kuulula nkhani ipita kupolisi.

Loweruka masana ndikuchapa, ndinamva odi. Anali a Nachisale, amayi osesa aja. Ndi amasiye, akulera zidzukulu zitatu, ndipo ntchito yawo ilibe kalata, akhoza kuuzidwa m'mawa uliwonse kuti basi musabwerenso. Anakhala pansi osandiyang'ana, n'kuyamba kufotokoza. Tsiku lopaka laimu abwana anayendera ofesi yonse, anafika pa shelefu paja, anachikankha chibokosicho ndi nsapato, n'kulamula kuti chinyansi chimenechi asachionenso, chikutichititsa manyazi. A Nachisale anazula nthambo. Kutaya anaopa, ndi katundu wa ofesi. Ku sitolo yosungira katundu kunali kotseka. Ndiye anaona kuti pakona mu ofesi ya abwana pakusowa poika maluwa. Anachiimika pamenepo, anachifunditsa chitenje chawo chabuluu, n'kuikapo maluwa pamwamba. Abwana atalowa anayamikira kuti pakona pakongola.

Abale, mwamva? Chinthu chimene ankati ndaba chinali mu ofesi ya abwana. Pamene ankandifunsa za chikasu ndi chofiira, chinali kumbuyo kwawo. Pamene ankasaina kalata yanga, chinali pomwepo. Alendo akunja anamwa tiyi pafupi nacho. Masabata atatu chikumva zonse, chitavala chitenje.

Ndinakwiya, sindinama. Ndinafuna kuwakalipira a Nachisale kuti masabata atatu onsewa munali kuti. Koma ndinawaleka amalize. Anati atabwerako kosaka nkhuku anapeza nkhani yakula kale, ndipo anadziwa kuti akanena, wozula nthambo ndi iwo, ndipo wolamula sangavomere. M'mawa uliwonse ankapukuta fumbi pa maluwa aja mtima ukuwawa. Atamva za polisi ndi pamene analephera kupirira. Ndinawauza zoona zokhazokha: kuti ine ndikakavundukula ndekha adzati ndachibweza mozemba, koma iwo akakanena mwina ntchito iwathera. Sindinawakakamize. Anatsanzika osalonjeza kanthu.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ija. Akomiti atatu akhala, abwana akhala, katswiri uja wakhala. Ine anandiimika. Maso anga anapita pakona: chitenje chabuluu, maluwa pamwamba. Mtima unkati pita ukakoke, koma ndinadziwa kuti sizindithandiza. Abwana anayamba kuwerenga milandu yanga m'Chingerezi chambiri. Ndinayang'ana kukhomo, kulibe munthu. Anafika pa mlandu wachiwiri, kulibe munthu. Mumtima ndinati, Ambuye, ndiye basi, mwandisiyadi. Wapampando wa komiti anali atangondifunsa ngati ndili ndi mboni, pamene tinamva odi.

A Nachisale analowa opanda tsache, opanda kolopa, atavala za ku tchalitchi. Ananyonyomala pang'ono.

"Pepani mabwana. Ndabwera kudzatenga chitenje changa."

Onse anangodabwa. Anapita pakona, ananyamula maluwa, anayang'ana poika, n'kuwapatsira abwana. Ndipo abwana analandira! Kenako anakoka chitenje, anachipinda bwinobwino, chibokosi chili poyera, chotuwa, chong'aluka pakona.

"Ichi munati ndichotse ndinu, bwana, tsiku lopaka laimu. Munati chikutichititsa manyazi. Mwanayu kunalibe."

Abwana ali chikhalire, maluwa ali m'manja. Aleluya!

Tsopano mverani apa, muone kuchenjera kwa Mulungu. A Nachisale anandiuza kuti poyamba ankafuna kuikapo maluwa enieni othirira, koma ndi dzuwa la kuno akanafota alendo asanafike, ndiye anaikapo a pulasitiki. Akanakhala enieni, madzi a masabata atatu akanalowa m'chibokosimo, kaundula akanafera pomwepo. Kutentha kumene tinkadandaula tonse kuja ndi kumene kunasunga chinthu chija chouma.

Ndinachinyamula ndekha, akomiti ali pambuyo panga. Ndinalumikiza nthambo, chinakhosomola kawiri, n'kudzuka. Kapitawo wakale sanafufutidwe, anangogonekedwa, ndiye ndinamudzutsa. Makina anayamba kuitanana n'kuyankhana. Ndinayambitsanso kufufuza kuja, onse akuona, katswiri nayenso akuona. Chikasu panalibe. Zonse zobiriwira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pofika madzulo kapitawo watsopano anali pa ntchito, ndipo m'mawa mwake alimi anayamba kuitanidwa mayina, mvula isanagwe.

Mukuganiza abwana anapepesa? Anati kunali kusamvetsetsana, tiiwale, tiyang'ane kutsogolo. Kusamvetsetsana! Ndinati ayi bwana, kalata yonditcha wakuba sinali yosamveka, aliyense anaimvetsa. Ndinapempha akomiti zinthu ziwiri: kalata ina yonena kuti sindinabe, ikhomedwe pa bolodi lomwe lija, pamalo omwe aja, m'zilembo zazikulu chimodzimodzi, komanso kuti a Nachisale asakhudzidwe. Zonse anavomera. Kaundula uja tsopano ndamusamutsira m'kati mwa seva, ndipo chibokosi ndachilemba ndi penti yofiira kuti kaya kubwera alendo otani, osachigwira.

Za kukhululuka, Abusa, mundipempherere. Ndikawaona abwana m'mawa ndimawapatsa moni, koma mkwiyo uja ukadalipo. Sindinama pa guwa kuti zatha. Mulungu wandiyeretsa pamaso pa anthu, ntchito yotsala ndi ya mumtima mwanga, ndipo ikuyenda pang'onopang'ono.

Kalata yatsopano ija ndinapita nayo kwa bambo. Anati ndiwawerengere, ndinawerenga. Anati bwerezanso, ndinabwereza. Anapukuta chipewa chawo pa bondo, kenako anati:

"Ndinakufunsa funso loipa, mwananga."

Basi, mawu omwewo. Ine ndinalira kuposa tsiku limene anandiimitsa ntchito.

Ndiye lero m'mawa ndikudutsa kwawo, ndapeza asita kale jekete. Miyendo ija yachira. Bambo, imirirani anthu akuoneni. Imirirani ndithu, pa benchi yanu yomweyo, mutu uli m'mwamba. Ndipo kumbuyo uko, pafupi ndi khomo, akhala a Nachisale. Iwo amapemphera ku Mua, koma lero ndawapempha atatuluka Misa yoyamba kuti adzakhale nafe. Chitenje chabuluu avalacho ndi chomwecho.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaona pamene ine kunalibe. Ndikuthokoza Mulungu amene anapatsa mphamvu mayi wamasiye kugogoda pa chitseko chimene akanatha kuchidutsa. Ndikuthokoza kuti dzanja langa silinadine kabatani kaja.

Tsopano mpingo wa Mulungu, kondwerani nane. Pamene munkanong'ona, mawu anu ankafika mpaka pa benchi yachitatu, ndiye ndikudziwa kuti mawu muli nawo. Amayi, ndikufuna nthungululu imveke mpaka kumsika. Abambo, ombani m'manja. Nanunso mlongo, imirirani, kwezani manja onse awiri. Chikwamacho chisiyeni pa benchi, palibe achigwire.

Aleluya! Ameni.